Tsiku Limene Tchopa Anatsikira Kudimba

Sendezani lichero pakatipa, inu ana, manja azigwira ntchito makutu akumva. Nandolo sasendedwa ndi maso. Iwe Yohane, foniyo iike m'thumba, siithawa. Linesi, mkhazike Takondwa pamkeka, asiye kutafuna makoko ngati mbuzi.

Dzulo munandifunsa za khasu lija lili pakhoma m'chipinda mwanga, la nsanza zofiira ndi mangenjeza kumpini. Takondwa ankati ndi khasu la Khirisimasi. Ayi mwanawe. Limene lija ndi khasu lovinira tchopa, ndipo mwini wake anali agogo anu a Laisoni, achimwene anga. Linalowa m'nyumba muno tsiku limene ndinapuma kuposa masiku onse a moyo wanga, tsiku lomwelonso limene msana wanga unatsala pang'ono kuthyoka. Musandithamangitse. Nkhani imalowera pakhomo, osati pazenera.

Dimba lathu la kumtsinje lija silinagwe kumwamba. Agogo anga, amene anabereka amayi, anachokera kutsidya ku Mozambiki, wapansi, mwana kumsana, kamtolo pamutu. M'kamtolomo munalibe zovala zoti n'kuzitchula. Munali khasu lopanda mpini ndi kachiguduli ka mbewu: kalongonda, nandolo, mapira. Ankatiuza kuti anayenda mpaka zidendene zinachita ming'alu ngati dambo la mu Okutobala. Inu kungochoka pano kukagula sopo pa Songani mumalirira kabaza, ati miyendo ikupweteka. Miyendo yake iti? Atafika kuno kwa Malemia anaona madzi akutsika m'phiri la Malosa, oyera, ozizira mpaka mano kuwawa, ndiye anatula kamtolo kaja n'kunena kuti, "Ine ndafika. Wofuna kupitirira apitirire." Iwowo ndi anzawo ndi amene anakumba ngalande ija mumasambitsamo mapazi, kuchokera pamtsinje mpaka kumadimba, ndi makasu okhaokha.

Ngalande imeneyo ili ndi mwambo wake. Madzi ndi ochepa, madimba ndi ambiri, ndiye timagawana masiku. Lero atsegulira a uje, mawa a uje. Tsiku lako likakudutsa, walira wekha, udikira mpaka madzi azungulire madimba onse. Nthawi yozizira ukhoza kudikira, mbewu zimapirira. Koma m'chilimwe, nyenje zikayamba kulira m'mitengo ya mango, mbande ya tomato siidikira munthu. Ndiye pamene ngalande imayambira pali kadamu ka miyala ndi matope, kamene kamakweza madzi kuti alowe. Kadamuko kakagumuka, mtsinje umangodutsa osapereka moni. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Kuthirira ife tinayamba ndi chipanda, kutunga n'kumawaza ndi dzanja. Kenako kunabwera zitini za palafini zoboola ndi msomali. Kheni yachitsulo inafika ndili kale ndi mwana kumsana, ndipo tinkabwerekana mudzi wonse ngati singano. Lero ena akuthirira ndi injini, ena akuti sola. Dzuwa lomwe lija linkatiumitsira mbewu, lero alilemba ganyu yotunga madzi. Dziko ili!

Amayi anga anali ndi chuma chiwiri: dimba ndi mawu. Pagule wa tchopa ndiwo ankatsogolera nyimbo. Inu tchopa mumamuonera pafoni, azibambo atabereka mitolo pamsana, zikopa, zidole, nkhwangwa, makasu, akuzungulira n'kumadutsana ngati linthumbu. Koma foni siingakuuzeni mmene nthaka imanjenjemerera. Ng'oma yaikulu siyenda yokha, imatsamira pa mawu a wotsogolera. Ndipo nyimbo zathu ndi za Chilomwe chakalekale, chimene ngakhale ine mawu ena ndimangowayendetsa pakamwa mmene ndinawamvera. Sindinaziphunzire pabwalo ayi. Ndinaziphunzira m'dimba, ndikutsatira amayi pambuyo ndi chitini. Ankandiuza kuti, "Enelesi, khasu limene lili pamsana pa wovina si mkanda. Kwathu tchopa ankayambira kumunda. Anthu akatha dima, kulimirana kuja, ankangoponya makasu pamsana n'kukwera kumudzi akuvina, matope ali m'miyendo."

Amayi atamwalira dimba linagwera ine, poti kwathu kuno nthaka imatsata mwana wamkazi. Nyimbonso zinagwera ine. Ng'oma yaikulu, ndi khasu lovinira limene linali la malume athu, zinagwera achimwene a Laisoni.

Agogo anu aamuna atatisiya, ana ali pasukulu, ndinakalowa ntchito ya m'nyumba kwa aphunzitsi ena a pakoleji pa Domasi. Anthu abwino, sindingawanamizire. Ndinkagona konko, m'kanyumba ka kuseri. Koma ntchito ya m'nyumba, ana inu, ilibe Sabata. Mbale sizidziwa kuti lero n'Lamulungu. Kumudzi ndinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo dimba linayamba kundiiwala. Chaka china, iwe Linesi ukuyamba kumene kukwawa, tomato yense anapserera m'mabedi chifukwa masiku anga a madzi ankandipeza ndikusita malaya.

Achimwene, monga mwinimbumba, anandiitanitsa.

"Achemwali," anatero, "dimba si chithunzi choti n'kupachika pakhoma. Pali bambo wina wa pa Songani, ali ndi injini, akulifuna. Ndamuuza adikire chilimwe chino chokha. Mbande zikafanso ndimupatsa alime. Ndipo mukudziwa, wa injini akalowa satuluka."

"Dimba la amayi?"

"La amayi lomwelo. Amayi ankagona kuno. Inu mumagona kumakotala."

Mawuwo anandibaya, koma bodza munalibe. Ndinangoti chabwino, tiona.

Ndinafesa nazale. Pookera anandithandiza Abiti Jafali, mayi wa Chiyao wa dimba loyandikana ndi langa, mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo. Mumawadziwa, aja amakupatsani zitumbuwa n'kumakunenani kuti ndinu oonda. Madzulo ankandithiririrako ndi kheni, koma nawonso ali ndi dimba lawo ndi mawondo awo. Kheni imangonyowetsa kukhosi. Mbande zinkafuna kumwa mokhuta, madzi a ngalande, ndipo tsiku langa linagwera Loweruka.

Loweruka lomwelo kunali chikondwerero cha magule. Mukudziwa, chaka ndi chaka, zokolola zikalowa mvula isanagwe, midzi ya kuno imasonkhana pabwalo la sukulu. A ku Malosa amabwera, a ku Songani amabwera, manganje, likwata, makwaya, tchopa, ndipo ovina bwino amatenga mbuzi. Zakudya ndiye musanene: thobwa, chigumu, chinangwa chophika, kalongonda. Kalongonda ameneyo amakhala pamoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Wofulumira amaledzeretsa mudzi popanda mowa. Iwe Yohane, ndi changu chako chovundukula mapoto chija, usadzayerekeze, ungatimalize tonse.

Ndinkasinkhasinkha kuti tsikulo ndilipempha bwanji kuntchito, koma amadamu a panyumbapo anayamba okha. "Anti Enelesi, Loweruka lino ife tikupita kuukwati ku Zomba. Inu muli pa ofu. Mukapume, mukavine, musakagwire chilichonse."

Ndinati Mulungu ali ndi makutu. M'mawa ndithirira, masana ndisamba, ndidzola, ndikaimba. Zonse tsiku limodzi, ngati chimanga ndi maungu phando limodzi.

Kutangoyera ndinali kale panjira, chitenje chovinira ndi mpango zili m'jumbo, mtima uli mbee. Kunja kunali kusanatenthe, phiri lili ndi kautsi kake ka chilimwe. Ndinkapereka moni ngakhale kwa agalu.

Ndikufika kudimba, zii. Ngalande imene inayenera kundilandira ikuseka inali gwa, nyerere zikuyendamo ngati mumsewu wa ku Liwonde. Mbande zanga zitazyolika ngati anthu a pamaliro. Ndinathamangira kumtunda, ndikupeza kadamu kaja kagumuka. Nkhanu zinali zitaboola kunsi kwake, madzi n'kupeza njira, miyala n'kugubuduka. Mtsinje unkangodutsa, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'madzi. Mwala woyamba ndinaugubuduza. Wachiwiri unandiyang'ana, nanenso ndinauyang'ana, ndipo tinagwirizana kuti aliyense akhale pamalo pake. Imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi, ndi ya dima.

Ndinakwera kwa achimwene. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuwamba ng'oma pamoto wa mapesi. Kuigogoda pang'ono, kutchera khutu, kukanikiza phula pakati, kuibwezanso kumoto.

"Achimwene, kadamu kagumuka. Lero ndi tsiku langa la madzi."

Osadzutsa n'komwe mutu. "Lero ndi tsiku la gule. Anthu asamba kale. Alowe m'matope ndani? Tikonza Lolemba."

"Lolemba madzi ndi a ena, ndipo ine ndidzakhala ndikutsuka mbale. Mbande zija sizifika Lolemba."

"Nanga nditani ine? Nkhanuzo ndazituma ndine? Kasambeni, achemwali. A ku Malosa chaka chino abwera ndi yunifomu."

Ndinangotola ndowa yawo yomwe pakhonde n'kubwerera kumtsinje.

Kuchoka pamadzi kufika pamabedi pali kachitunda kaja Takondwa amakwera chokwawa. Ndinakwera, kutsika, kukwera, kutsika. Ndowa ndikaikhuthula, nthaka imangoti fyoo, n'kundiyang'ana ngati sindinaipatse kanthu. Ndikamafika kumapeto a bedi, koyambirira kwauma kale. Dzuwa linafika paliwombo. Kumtunda chimkuzamawu chinayamba kukhosomola, kenako ng'oma za manganje, kenako nthungululu. Mapazi anga ankafuna kumtunda, manja ankafuna kumtsinje. Apo ndinalirako pang'ono, sindibisa, koma misoziyo ndinaigwetsera pambande kuti isapite pachabe.

Ndiye ndikuona Abiti Jafali akutsika chothamanga, beseni la zitumbuwa lili lopanda kanthu m'khwapa, akupuma ngati wakabaza pachitunda.

"Enelesi! Iwe uli pano ukusambitsa tomato, mudzi wako ukufa ndi manyazi!"

"Kwagwanji?"

"A ku Malosa avina mpaka nkhalamba zataya ndodo. Anu alowa, aika mayi wina wa kwaya kuti atsogolere nyimbo. Mawu okoma, eya, ngati a pawailesi. Koma ng'oma ikupita uku, nyimbo ikupita uko. Achimwene ako thukuta lili kamukamu. Anthu akhala pansi, ayamba kukambirana za feteleza. Mapeto ake apempha kuti akawambenso ng'oma, ati yazizira. Kuzizira padzuwa ili! Akuti ubwere msanga."

"Kawauze kuti nyimbo ili kudimba, ikuthirira."

"Ndikanene choncho?"

"Choncho. Usachotsepo, usawonjezepo."

"Kuwonjeza ndiwonjeza," anatero Abiti, "miyendo ndi yanga."

Sipanapite nthawi ndinamva mangenjeza akutsika. Achimwene okha, nthenga kumutu, chikopa m'chiuno, khasu lija lili pamsana, nkhope ili ndwii.

"Achemwali, mukufuna ndigwade?"

"Mawondo anu sathirira tomato."

"Anthu akudikira! Mudzi wonse!"

"Mudzi wonse uli ndi manja. Tatembenukani kaye."

Anatembenuka, osadziwa kuti ndikufunanji.

"Icho chili pamsana panu n'chiyani?"

"Khasu."

"Linalima liti?"

Anangokanda pansi pa nthenga zija, ine n'kupitiriza.

"Amayi ankati chiyani za khasu limeneli? Munalipo. Munkaba nkhaka kuseri kwa bedi, koma makutu munali nawo. Tchopa ankayambira kuti?"

Anayang'ana mbande. Anayang'ana ngalande youma. Anayang'ana mapazi anga, atatupa. Agogo anu a Laisoni aja mutu ndi mwala, koma mtima ndi papaya wakupsa. Ndinati mwina anena mawu ozama. Mawu amene anatuluka ndi akuti, "Ndowa yangayo mwaipinda." Basi, n'kutembenuka, ngwe ngwe ngwe kukwera chitunda.

Ine ndinati zatha. Dimba lapita, gule wapita, ndi mlongo yemwe wapita.

Ndinakatunganso ina, nanga n'kutani. Ndili pakati pa kachitunda kaja, ndowa pamutu, ndinamva ng'oma. Osati kutali kuja ayi. Ikubwera. Ndinaima. Ana inu, mukanaona! Fumbi kobo panjira ya kumadimba. Gulu lonse la tchopa likutsika, azibambo ndi mitolo yawo, azimayi ndi nsengwa, Abiti ali patsogolo akutimba beseni ngakhale tchopa si gule wa kwawo. Pambuyo pawo anthu, anthu, anthu: a kwaya, ogulitsa nzimbe, a njinga akuzikankha, ndi a ku Malosa omwe, kudzaona kuti amisalawa akulowera kuti. Ndinamva pambuyo pake kuti achimwene anakalanda chimkuzamawu n'kunena kuti, "Gule wathu ayambira kumene ankayambira makolo. Wofuna kuona atsate." Pabwalo panatsala akuluakulu a pamthunzi ndi mbuzi basi.

Atafika pakadamu, achimwene anatula ng'oma, n'kumasula khasu pamsana.

"Masulani makasu! Lero alawe dothi!"

Makasu enawo chigulire anali asanaonepo nthaka. Lina linaguluka pampini kukhapa koyamba, n'kuulukira m'madzi, anthu kufa nako kuseka. Mwini wake anati, "Silinazolowere, limagwira ntchito ya muofesi." Azibambo analowa m'madzi ndi zikopa zomwe. Azimayi anatenga nsengwa zovinira n'kuyamba kututa matope ndi udzu womatira maenje a nkhanu. A ku Malosa anaima kaye pamtunda, kusamala yunifomu. Kenako mmodzi wamkulu anavula nsapato n'kunena kuti, "Amwene, tingoima ngati alendo a paukwati?" Onse thibu m'madzi. Mwala uja tinagwirizana nawo m'mawa unanyamulidwa ngati khanda.

Koma ntchito inali yobalalika, uyu akoka uku, uyu akankha uko. Achimwene anabwerera pang'oma, n'kundiyang'ana.

"Achemwali, ife manja tabweretsa. Mawu ali kuti?"

Ndinatula ndowa. Kukhosi kunali kouma, ndinamwa madzi a mumtsinje ndi manja. Ndiye ndinaiponya nyimbo ya amayi, ija imati tinachoka ndi khasu pamsana, madzi tinawapeza kutsogolo. Mawu anatuluka okha, ngati anakhala akudikira tsiku limenelo. Azimayi anavomera. Ng'oma yaikulu inagwira pomwepo, ngati mwana wapeza bere. Miyala inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja motsatira ng'oma: kulandira, kutembenuka, kupereka. Apo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake ovina tchopa amawerama ndi kudutsana chonchija. Si kukongoletsa ayi. Ndi ntchito imene inavala mangenjeza.

Madzi anayamba kukwera pang'onopang'ono. Anafika pakamwa pa ngalande, n'kununkhiza ngati mbuzi pakhola lachilendo. Ananunkhizanso. Kenako lowu! Anatsika akukankha masamba ouma ndi nyerere zija, anthu akuwathamangira m'mbali ndi nthungululu ngati akuperekeza mkwatibwi. Ine ndinali patsogolo ndi khasu, kutsegulira bedi loyamba. Nthaka imene inkandinyoza m'mawa ija inamwa mpaka kutulutsa thovu.

Abiti anandilanda khasu. "Iwe khala pansi. Si uli pa ofu?"

Anandikhazika m'mbali mwa ngalande, pamthunzi wa nthochi, mapazi m'madzi. Wina anandipatsa kalongonda patsamba, wina chikho cha thobwa. Ine amene zaka zonsezo ndinkaperekera anthu tiyi pathireyi, tsiku limenelo ndinakhala ngati amadamu, ndikungoloza ndi chala. "Bedi ilo silinakhute. Inu a nthenga inu, musaponde mbande. Achimwene, tsekani uko, madzi akuthawira kwa eni ake." Ndipo achimwene ankatseka! Ofu ndi imeneyo, ana inu. Enanu mumati kupuma ndi kugona mpaka dzuwa kukuwotchani m'maso. Kupuma ndi kukhala mapazi ali m'madzi, ukuona chinthu chako chimene chimafa chikudzuka.

Mabedi onse atakhuta, ng'oma zinali zitalefuka ndi chinyontho, ndiye anaziwambanso pamapesi pomwepo. Ine ndinatenga jumbo yanga kuti ndikasambe, ndivale chitenje chija.

"Ayi," anatero achimwene. "Tikwera chonchi."

Tinakwera chonchotu. Matope mpaka m'mawondo, makasu onyowa pamsana, nsengwa zitadzaza mpiru ndi chimanga chachiwisi chimene eni madimba anathyola okha mwa chimwemwe, poti kadamu kaja kanali ka tonse. Ine pakati, mpango uli pambali, ndikuponya nyimbo ina pamwamba pa inzake. Tinalowa pabwalo la sukulu tikuvina kale. Akuluakulu a pamthunzi aja, amene anatsala akulondera mbuzi, anaimirira osauzidwa. Tikaponda, matope ouma ankagwa m'miyendo n'kusanduka fumbi. Nthaka inanjenjemera, ndinaimva m'mano. Gogo wina wa tsidya la mtsinje, maso atachita kale khungu, anadzikoka ndi ndodo mpaka pakati, n'kundigwira dzanja n'kunditchula dzina la amayi anga. Sindinamukonze. Ndinangoimba mokweza.

Mbuzi tinatenga. A ku Malosa anadandaula kuti nawonso ananyamula miyala, yunifomu yawo inathera pa ife, ndiye tinawagawira mwendo. Mpaka lero amati unali mwendo wowonda.

Dzuwa litapendeka, bambo wa injini uja, amene anali pomwepo tsiku lonse, anawakokera achimwene pambali. Ine ndinali chapafupi, ndikunamizira kumanga mpango, khutu lili konko.

"Madala, nanga za dimba lija?"

"Dimba liti?"

"Lija munkati mwini wake salisamala."

"Lili ndi mwini wake," anatero achimwene. "Simunamumve akuimba?"

Bamboyo anaseka, n'kuwagwira chanza, n'kumapita. Sanali munthu woipa, ankangofuna polima ngati wina aliyense. Achimwene anabwera pamene ndinaima, anamasula khasu lija, matope adakali kumaso kwake, n'kundiika m'manja.

"Ili lalawa dothi, pamsana silikhalanso. Lisungeni inu." Atayenda pang'ono anacheuka. "Koma ndowa yanga mubweze."

Lolemba m'mawa ndinalowa m'khitchini ndikuyenda cham'mbali ngati nkhanu zomwe zija. Amadamu anandifunsa, "Anti, munapuma bwino?" Ndinati, "Kwambiri, amadamu. Chibadwire." Anandiyang'ana mmene ndinkaweramira kutola supuni, osamvetsa. Tomato ameneyo atapsa ndinawatengera dengu lodzaza, ndipo ndi pamene ndinawafotokozera. Chaka chotsatira anabwera okha kudzaonerera, n'kuvula nsapato nawonso.

Chifukwatu chiyambire tsiku limenelo, tchopa wa mudzi uno salowa pabwalo asanadzere kukadamu. Kakhale kabwinobwino, amaikapo ndithu mwala umodzi. Achinyamata ena amaganiza kuti ndi mwambo wa makedzana, ndipo sanalakwe. Unangogona, ife tinaudzutsa. Ntchito ya kumakotala ndinaisiya msana utayamba kudandaula, koma dimba lidakalipo, ndipo ndiwo zimene munadya dzulo zija sizinachokere pa Songani. Agogo anu a Laisoni pano ng'oma anasiyira ena, manja akunjenjemera, koma pakamwa sipanjenjemera. Mukapita kukawaona akuuzani kuti nzeru yotsikira kudimba inali yawo. Muzingovomera. Za ndowa musayambitse, ndi ija timasungiramo makala.

Iwe Linesi, tayang'ana kuno. Dimba lija likudzera mwa mayi ako kubwera kwa iwe. Phunzira sukulu mpaka ukafike kumene ukufuna, ukagone kumakotala a mtundu uliwonse, koma tsiku lako la madzi uzilidziwa. Iwe Yohane usatupe masaya. Iwe udzakhala mwinimbumba, ndipo mwinimbumba wabwino ndi amene amadziwa nthawi yomasula khasu pamsana.

Haa, nandolo watha? Onani, ndimati manja a m'tauni sagwira. Takondwa wadya theka, koma palibe kanthu. Dzukani tsono, dzuwa lapendeka ndipo madzi lero ndi athu. Yohane, kalowe m'chipinda ukatsitse khasu lija pakhoma, usaope mangenjeza. Nyimbo ya amayi ndikakuphunzitsani konko. Kumtunda kuno siigwira.